Mayina a Anthu mu Nsalu Yoyera

Pa msinkhu wanga munthu akalakwitsa, anthu amamukhululukira n'kunena kuti ndi ukalamba. Koma zimene ndinachita Lachiwiri lija sindinganamizire ukalamba. Ndinazikonza ndekha masiku awiri athunthu, mutu uli bwinobwino, ndipo nzeru zanga zomwezo ndi zimene zinakandiimika m'matope, wopanda nsapato, amayi a mudzi wonse akundiyang'ana. Sindinauzepo munthu mmene zinayendera. Mayina onse ndasintha, ndipo amene akuganiza kuti wandizindikira walakwitsa.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ku Rumphi ndinabwera ndi ukwati, nditakwatiwa ndi mphunzitsi wa sukulu za mishoni, ndipo tinamanga kumunsi kwa Khondowe, pamene phiri limayamba kutsetserekera ku Chitimba. Chitumbuka ndimamva chonse, koma ndimayankha m'Chichewa, moti ambiri amaganiza kuti zina zimandidutsa. Ndimawasiya aziganiza choncho. Munthu umamva zambiri ukamaoneka wosamva.

Anthu amati ndine wokayikira. Sindikana. Nthawi ya chipani chimodzi, aphunzitsi anzawo a malemu amuna anga anabwera ndi pepala lodandaula za denga la sukulu. Denga chabe. Malemuwo anasaina pamwamba penipeni, chifukwa ankalemba mokongola ndipo ankakonda kuti anthu aziona. Patatha sabata galimoto ya boma inaima pakhomo n'kuwatenga. Anabwerako patapita miyezi yambiri, ataonda, osakondanso kulankhula, ndipo mpaka tsiku lowaika sanandiuze amene anakapereka pepalalo kumene silinayenera kupita. Onse amene anasaina pansi pawo ankabwera kudzandipepesa. Mmodzi mwa iwo ndiye anali mwini ntchitoyo, ndipo ndinamuthirira tiyi ngati anzake onse. Chichokereni apo dzina langa silinalowepo pa pepala la gulu lililonse. Kuvota ndimavota, koma ndikatuluka ndimauza aliyense chipani chosiyana.

Ndiye muganize mmene mtima unkandipwetekera ndi Tiwonge. Tiwonge ndi mdzukulu wanga, ndinamulera ndekha, ndipo chaka chimenecho anali atangolembedwa kumene uphunzitsi pa pulayimale ya kumtunda. Kalata yomutsimikiza pa ntchito inali isanabwere. Munthu wotere amayenera kuyenda ngati nkhuku yachilendo, mwendo umodzi m'mwamba. Koma iye ndi pamene anadzisenzetsa nkhani ya mlatho.

Mlatho wa pa mtsinje wathu unakokoloka ndi mvula, ndipo dzinja lachiwiri linatipeza uli chikokolokere. Kutsidya ndiko kuli kachipatala. Mtsinje ukadzaza wodwala amakhala pa gombe kudikira kuti madzi atsike, ndipo si matenda onse amene amadziwa kudikira. Tiwonge anatsegula gulu pa foni yake, n'kumajambula zitsa za mlatho, amayi apakati atanyamulidwa pa mapewa, ana a sukulu atasenza yunifolomu pamutu. Ana a kuno amene ali ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni ankamutumizira tinkhope tolira misozi.

"Agogo, masiku ano sitipitanso pamsewu kukapsa maso ndi utsi wa apolisi," anandiuza tsiku lina, maso ali pa foni. "Chala chimodzi, dziko lonse lamva."

"Lamva, ndiye latani?"

"Lakwiya."

"Lakwiyira kuti? M'thumba mwa buluku?"

Musaganize kuti ndinali kumbali ya zionetsero za pamsewu. Pamsewu amakuona nkhope, pa foni amakusungira mawu. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pamsewu angathe kuthawira m'munda wa chinangwa. (Foni ya Tiwonge ndinkaivundikira ndi mbale ikakhala patebulo, ndipo iye ankati ndikuiteteza ku fumbi.)

Kenaka kunabwera yankho lochokera kwa bwana wina woona za misewu. Anati anthu a pa foni sawoloka mtsinje umenewo, ndipo ngati alipo odandaula enieni, aone mayina awo. Anatinso Lachiwiri cha m'ma teni koloko adzafika pa mlathopo kudzaona yekha. Tiwonge anagula buku la chikuto cholimba, nayamba kuyenda khomo ndi khomo akaweruka. Odziwa kulemba ankasaina, osadziwa ankadinda chala. Kwa ine sanavutike n'kufunsa komwe. Tsiku lina ndinalitsegula iye ali kumunda wa masamba. Dzina lake linali loyamba, pamwamba penipeni, ndipo zilembo zake zinali zopendekera kumanja, mchira wa T utatalika, chimodzimodzi mmene ankalembera malemu agogo ake aamuna. Ndinatseka bukulo msangamsanga.

Pa foni onse analonjeza kuti Lachiwiri adzaguba kupita ku mlatho. "Tilipo!" "Sitibwerera m'mbuyo!" Ena ankalemba ali ku Joni. Koma Lamlungu potuluka m'tchalitchi, a kuno enieni anayamba kudwala mmodzimmodzi. Wina bondo, wina ali ndi ulendo wa ku Mlowe kukagula usipa, wina mwamuna wake sanalole.

"Ndipita ndekha," anatero Tiwonge tikubwerera. "Ana ndiwasiyira ntchito pa bolodi, ndithamange, ndipereke buku, ndibwerere."

"Usiye kalasi? Iwe wopanda kalata? Ukapereke m'manja mwa boma pepala limene dzina lako lili pamwamba?"

"Agogo, ino ndi demokalase."

"Demokalase ilibe galimoto?"

Anangoseka n'kundigwira paphewa ngati akutonthoza mwana. Pamenepo ndinadziwa kuti pakamwa sipathandiza. Bukulo linayenera kusowa.

Kuliwotcha sikukanatheka. Mnansi wanga NyaGondwe amawerenga utsi ngati nyuzipepala: akauona amadziwa ngati ndi nkhuni, zinyalala kapena chinsinsi. Kulikwirira kapena kuliponya m'chimbudzi kunali koopsa kwambiri. Nkhalamba yobwera, itapezeka ikukwirira mayina ndi zala za anthu a mudzi wonse, mawa lake ndi mfiti, ndipo palibe m'busa angaipulumutse. Unatsala mtsinje. Madzi sasunga umboni, amakatula zonse ku nyanja. Ndinawerengera kuti ndikanyamuka kutangocha, ndidzakhala nditabwerako bwanayo asanadye n'komwe kadzutsa kwawo.

Lachiwiri kunacha ndi nkhungu yoti nkhokwe yanga yomwe sinkaoneka ndili pakhonde. Tiwonge ali kubafa, ndinatulutsa buku m'chikwama chake n'kuikamo buku lakale la masamu la agogo ake, lolemera mofanana. (Apa ndinadziyamikira kwambiri. Kudziyamikira kwanga konse kunathera pomwepa.) Anavala juzi lake lalikulu, nanditsanzika, nalowa mu nkhungu muja kudzera njira ya kumtunda. Palibe anamuona akupita. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ine sindinaiganizire.

Tsopano kulikulunga. Zitenje zanga Tiwonge amazidziwa zonse, ndipo china chikanyowa kapena kuda amafunsa. Koma ine ndi amene ndimasunga nsalu zoyera za amayi a mpingo, zija timatenga kukagwa zovuta, ndipo thiranki yake iye saiyandikira. Ndinang'amba kachidutswa n'kukulunga buku bwinobwino, kawiri, kuti lisaoneke ngodya. Nsapato ndinasiya, chifukwa zanga zimalira ndipo zimasiya mapazi odziwika. Mtolowo ndinaufungatira pachifuwa ndi manja awiri kuti usaterereke. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndiyenda chowerama, ndipo sindipereka moni kwa aliyense, pakuti moni ndiye khomo la mafunso.

Woyamba kundiona anali NyaGondwe yemweyo. Ndinamva tsache lake likukwapula pabwalo ndisanamuone. Mkazi ameneyu sanalolepo nkhuku kudutsa osaifunsa kumene ikupita, ndipo ndinali nditakonzeka kumva "Mwawuka uli, amama?" Koma tsache linangoleka. Ndinamuona ndi ngodya ya diso atayima chilili, akuyang'ana mtolo wanga. Anagoneka tsache pansi pang'onopang'ono, ngati likhoza kusweka.

Ndinapitirira. Patangopita kanthawi ndinamva mapazi kumbuyo.

Ndinaima, mapazi anaima. Ndinayenda, nawonso anayenda. Kutembenuka sindinatembenuke, chifukwa wotembenuka ndiye wolakwa. Mumtima ndinati, basi, wadziwa. Anandiona pawindo ndikusintha mabuku.

Pa kagolosale ka pamphambano wailesi inkalira nyimbo za m'mawa. Nditayandikira, wina anaizimitsa pakati pa nyimbo. Bambo wina ankabwera pa njinga atanyamula matumba a makala; atandiona anatsika, navula chipewa, natembenukira ku chinangwa, kundipatsa msana mpaka nditadutsa. Bambo ameneyu timadziwana, ndinamuphunzitsa Sande sukulu. Kale, munthu akatsala pang'ono kutengedwa, anthu ankayamba choncho, kuleka kumuyang'ana kumaso.

Pa mjigo panali amayi ambiri, ndinawamva akuseka ndili patali. Kuseka kunazima ngati nyali. Chogwirira cha mjigo chinalira kamodzi n'kusiya. Ndinadutsa pakati pawo maso ali pansi, ndikuona zidebe zokha, china chitadzaza madzi akusefukira popanda wochichotsa. Nditapitirira, mapazi kumbuyo kuja sanalinso a munthu mmodzi.

Simudziwa mmene amamvekera mapazi ambiri a anthu osalankhula, pa dothi lonyowa, mu nkhungu. Amamveka ngati ng'ombe zikudya udzu. Palibe wotsokomola, palibe mwana wolira kumsana, palibe wonong'ona. Anthu a kuno sangathe kuyenda kuchoka pa tchalitchi kufika pa msewu osakangana za kwaya, koma tsiku limenelo anali chete ngati anawasoka pakamwa.

Ndinati ndiwasocheretse. Ndinapatukira kanjira ka m'nthochi, koterera, kamene munthu wanzeru sadutsa nthawi ya mvula. Masamba a nthochi ankandidonthezera madzi ozizira m'khosi. Kumbuyo ndinamva masamba omwewo akukhudzidwa, kamodzi, kawiri, kosaleka. Pokhota ndinaba kuyang'ana. Ndinaona mizukwa ya anthu, yotuwa, yopanda nkhope, ili pa mzere umodzi, ndipo wachitatu pa mzerewo anali atagwira khasu, mutu wake uli pansi.

Khasu! Ndinayamba kupemphera, koma mapemphero onse anathawa, n'kutsala la pa chakudya lokha. Ndinalinena lomwelo.

Ndipo mwadzidzidzi china chake chofunda chinandigwera pamapewa. Ndinatsala pang'ono kuponya mtolo. Chinali chitenje. Wina anandiyandikira osamveka, nandifunditsa, nabwerera pa mzere wake osanena kanthu. Ichi chinandiopsa kuposa khasu. Mdani wokufunditsa ndiye woopsa kwenikweni.

Mtsinje ndinaumva ndisanauone. Kenaka zitsa ziwiri za mlatho zinatulukira mu nkhungu, zitsulo zili panja ngati nthiti. Ndinaima pa gombe, madzi ali pafupi moti ndikanangotambasula manja. Koma ndikanaponya bwanji, mboni zili kumbuyo? Ndili chiimire, amayi aja anandidutsa mbali zonse ziwiri, osandikhudza, n'kupita pa dothi lofewa kuseri kwa bango. Wa khasu uja anayamba kukumba. Sankakumba ngati wolima. Ankapala pang'onopang'ono, kadzenje kakang'ono, kosazama.

NyaMhango, amene ndi wamkulu kwa amayi onse kuno ndipo wabadwitsa theka la mudzi, anabwera kutsogolo kwanga natambasula manja onse awiri.

"Tipatseni, amama," anatero motsitsa. "Mwanyamula mtunda wautali."

Ndinaufinya mtolo pachifuwa. Pamenepo NyaGondwe anandiyandikira kukhutu, maso ali ofiira.

"Phepani chomene, amama," ananong'ona. "Anabisa bwino mwanayu. Koma ine ndinkaona majuzi aja. Ndinkati, kuzizira kwanji kumeneku?"

Apa m'pamene ndinadziona mmene ankandionera iwo. Nkhalamba yotuluka m'mawa, yopanda nsapato, yosapereka moni, itafungatira kamtolo koyera ndi manja awiri, ikulunjika ku mtsinje. Ngakhale kwathu ku Ntcheu n'chimodzimodzi: mwana akabadwa wakufa, amene timati mtayo, amakaikidwa ndi amayi okhaokha, m'mawa, pa dothi lonyowa, m'dzenje losazama. Salira, saimba, safunsa, ndipo amuna amayang'ana kumbali. Ine mwini ndaperekezapo maulendo otere kangapo. Ndinakonza zonse kuti ndisaoneke, ndipo chilichonse chimene ndinakonza chinali kuitana. Ndipo m'nyumba mwanga mtsikana ndi mmodzi yekha, amene palibe anamuona akupita ku sukulu.

Tsopano ndiulule chinthu chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinaganizira. Mulungu andikhululukire, ndinaganiziradi. Dzenje linali lokumbakumba. Mtolo wotere palibe amaumasula. Amayi omwe anasaina bukulo akanalikwirira ndi manja awo, n'kusamba m'manja mu mtsinje, ndipo mwambo ukanawatseka pakamwa. Chikonzero changa sichikanatha bwino chotere.

Koma mwambo umatseka pakamwa pa manda pokha, sutseka pa mjigo. Mphunzitsi wosakwatiwa, wobisa mimba, mwana n'kutayidwa osadutsa ku chipatala: nkhani imeneyo ikanafika kwa ahedi, kwa akulu a mpingo, mwina ndi kupolisi komwe. Ntchito imene ndinkaiteteza ikanapita, n'kutenga ndi dzina lake lomwe. Ndipo nditakweza maso ndinaona kuwala kwa foni pansi pa chitenje cha mpongozi wa NyaGondwe. Chala chake chinkayenda. Mwambo unaletsa pakamwa, koma za chala makolo sananenepo kanthu.

Ndinagwada m'matope, ndinaika mtolo pamaondo, n'kuyamba kumasula. Amayi ena anaphimba kumaso. Wina anati, "Yayi, amama, yayi!" Nsalu inatseguka. Chikuto chakuda, changodya zofiira, chinaonekera.

Amene anaphimba kumaso aja anatsitsa manja.

"Buku," anatero NyaMhango. Sikunali kufunsa. Manja ake anali akadali otambasula. "Ndasiya phala pamoto, ndatsetsereka m'nthochi ndi chiuno changa chino, chifukwa cha buku?"

"Chiuta wane," anatero wa khasu, akuyang'ana kadzenje kake.

"Nanga mumapita nalo kuti?" Ameneyo anali NyaGondwe, misozi itauma kale, mphuno yake itayambanso ntchito. "Ku mtsinje, m'mawa uno, mu nsalu ya maliro?"

Chilungamo chinali chakuti ndinabwera kudzataya mayina awo ndi zala zawo m'madzi. Ndikananena zimenezo, kadzenje kaja akanangokakulitsa.

Amene anandipulumutsa ndi mtsikana wina wotchedwa Lusungu, wokwatiwa kwa a Mhango komweko. Dzinja lathalo anafika pa gombe lomwelo mimba itamuwawa, madzi ali odzaza, ndipo anabwerera kunyumba wopanda mwana. Nthawi yonseyi iye sankayang'ana dzenje latsopanolo. Ankayang'ana pambali pake, pamene udzu unamera wobiriwira kuposa pena. Anabwera, nagwada pafupi nane, nakhudza chikuto.

"Ndi buku la mlatho," anatero. "Chala changa chili mmenemu." Kenaka anagwira nsonga ya nsalu ija. "Mwalikulunga ngati mmene munakulungira wanga."

Ndinali nditaiwala kuti nsalu ya tsiku limenelo inachokanso mu thiranki yanga.

Amayi anayang'anizana. Ndinaona nkhani ikusintha pa nkhope zawo popanda ine kuikhudza. Wina anati, "Ehe, ndiye chifukwa chake." Wina anati, "Akanatiitana ndi pakamwa sitikanabwera." NyaMhango anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza mimba, kenaka anapukusa mutu.

"Anthu a ku Ntcheu," anatero. "Ochenjera ngati njoka ya m'madzi."

Ine ndinangoti, "Mwaona nokha." (Mawu amenewa ndimawalimbikitsa kwa aliyense wogwidwa. Sanama, sanena zoona.)

"Ndiye tikhala pompano mpaka bwanayo afike," anatero NyaMhango, nakhala pansi pomwepo. Onse anakhala. Amene anali ndi bondo Lamlungu anakhala, amene anali pa ulendo wa ku Mlowe anakhalanso. Ine ndinali pakati, buku lili pamiyendo, ngati nkhuku yofungatira dzira la njoka. Lusungu anayambitsa nyimbo ya m'buku la mapemphero motsitsa, ena n'kulandira. Nkhungu inayamba kukwera phiri, ndipo kutsidya kunaoneka anthu ena atayima, akutiyang'ana, ena akuvula nsapato kuti awoloke.

Chithunzi cha mpongozi uja chinali chitafika kale ku Joni. Anandijambula chakumbuyo m'nthochi muja, mzere wa amayi uli pambuyo panga, n'kulemba kuti mwana winanso watayika chifukwa cha mlatho. Nditamasula mtolo analembanso kuti pepani, linali buku, koma uthenga wachiwiriwo unkayenda wapansi pamene woyamba unakwera ndege. Amuna anayamba kufika, zipewa zili m'manja, n'kumaima patali osadziwa ngati ayang'ane kapena ayi.

Tiwonge anafika akuthamanga, mpweya uli m'mwambamwamba. Ndinamva pambuyo pake kuti ahedi anamuitanitsa m'kalasi, namuyang'ana pamimba, namuyang'ana kumaso, n'kunena kuti, "Amadamu, pitani kunyumba, sindikumvetsa bwino koma kwanu kwagwa zovuta." Motero anabwera ku zionetsero ndi chilolezo cha ahedi, kudzakhuza maliro a mwana wake amene sanakhalepo. Amayi onse anamuyang'ana pamimba nawonso. Iye anayang'ana buku, nayang'ana nsalu, nayang'ana ine. Ine ndinayamba kuimba nawo mokweza.

Bwana uja anafika nthawi isanakwane, ndi galimoto ziwiri. Anatsika nkhope ili yamaliro, atakonzeka kupepesa, ndipo atauzidwa kuti wakufayo ndi buku sanadziwe poika nkhopeyo. Amayi anandikankha kumsana. Ndinaimirira, matope ali mpaka m'maondo, n'kupereka ndi manja awiri chinthu chimene ndinadzuka m'mawa kuti chisafike kwa iye.

Anatsegula tsamba loyamba, natulutsa kabuku kake ndi cholembera.

"Wotsogolera ndi uyu ali pamwambayu? Tiwonge? Ndamva kuti ndi mphunzitsi ameneyu."

Tiwonge anasuntha phazi kuti apite kutsogolo. Ndinamuponda chala.

"Ndine, bwana," ndinatero. "Mwanayo anangondiyendera m'makomo. Miyendo yanga ndi iyi mukuionayi."

"Nanga dzina lanu lili pati, agogo?"

"Ndinasiya malo."

Malo panalibe. Pamwamba pa dzina la Tiwonge panali kampata kopyapyala, koti nyerere n'kudutsa chammbali. Ndinapempha cholembera chake, n'kupanikiza dzina langa mmenemo, lonse, ndi la bambo anga lomwe. Bwanayo analiwerenga mokweza pamaso pa anthu onse, nalikopera m'kabuku kake, nafunsanso kalembedwe ka chilembo chimodzi kuti asalakwitse. Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinkangoyang'ana kabuku kaja kakulowa m'thumba la jekete.

Mvula ya chaka chotsatira isanayambe, anadzaika mlatho wa zitsulo ndi matabwa, wokwana munthu, njinga ndi machira. Mpaka lero anthu amakangana kuti unabwera ndi chiyani. A pa foni amati chithunzi ndicho chinadzutsa bwana, ndipo popanda iwo amayi akanangokhala m'matope mpaka madzulo. Amayi amati chithunzi cha chitsa chinazungulira madzinja awiri osadzutsa ngakhale galu, ndipo foni inalibe chojambula mpaka iwo atayenda ndi mapazi. Akandifunsa ine, ndimati sindinamve funso. Tiwonge palibe anamukhudza, ndipo kalata yake inabwera nthawi yake itakwana. NyaGondwe yekha ndi amene sanakhutire. Mpaka miyezi isanu ndi inayi itatha ankamuyang'anabe juzi.

Koma tsiku lomwe lija, titafika kunyumba, Tiwonge anatulutsa buku la masamu m'chikwama n'kuliika patebulo pakati pathu.

"Agogo, bwana anati abwera teni koloko. Inu munanyamuka sikisi."

"Okalamba timayenda pang'onopang'ono."

"Opanda nsapato?"

"Zimandithina."

"Nanga nsalu yoyera?"

"Kunali mame."

"Nanga bwanji simunadzere njira ya ku mlatho, m'malo mwake munazembera m'nthochi?"

Ndinamuuza kuti ndatopa, ndipo mwana wamakhalidwe safunsa wamkulu ngati wapolisi. Kenaka anapita kukatereka madzi, nandisambitsa mapazi yekha, n'kuchotsa minga iwiri ndi singano. Sanabwerezenso nkhaniyo, ngakhale kamodzi.

Pano ali ndi buku lina, la madandaulo a kusowa kwa mankhwala, ndipo layamba kale kudzaza. Sindikudziwa kuti dzina loyamba ndi la ndani, chifukwa akamapita kukasamba amatenga sopo, thawulo ndi chikwama chake, n'kuchikoleka pa msomali m'kati mwa bafa. Tsiku loyamba kumuona akutero ndinakhala pakhonde mtima ukundiwawa. Zaka zonsezi ndakhala ndikukayikira anthu, sindinadziwe kuti wokayikiridwayo amamva chonchi.

Koma akuchita bwino mwanayo. Ndinamulera ndine.